Ndani avomereze nkhani, nanga ilembedwe pati? Kuyerekeza njira zoyendetsera sewero la anthu ambiri

Tiyerekeze kuti pali gulu la anthu 30 amene akhala akusewera limodzi kwa chaka chathunthu m'dziko lopeka lomwe pakati pake pali mzinda wa padoko. Aliyense ali ndi mtengambali wake amene amamulembera zolankhula ndi zochita: wina ndi wosula zitsulo, wina ndi mkulu wa alonda, ndipo wina ndi mwini nyumba ya alendo imene atengambali ambiri amakumaniramo madzulo. Usiku wina, wosewera amene mtengambali wake ndi mtsogoleri wa achifwamba a panyanja walemba kuti zombo zake zafika mwakachetechete n'kutentha doko lonse. Walemba mwaluso, moti ena amene awerenga ayamikira. Koma mwini nyumba ya alendo uja, amene kwa miyezi 8 wakhala akumanga nkhani yake pamalo amenewo, wadzuka m'mawa n'kupeza kuti nyumbayo yasanduka phulusa popanda womufunsa. Kodi dokolo lapsadi, kapena zolembedwazo zifufutidwe? Nanga ngati lapsa, munthu amene adzalowe m'gululi pakatha miyezi itatu adzadziwa bwanji kuti sayenera kulemba mtengambali wake akutsika m'chombo pamalo amene kulibenso?

Mafunso awiriwa ndi osiyana, ngakhale kuti magulu ambiri amawaphatikiza. Loyamba ndi la chilolezo, loti ndani ali ndi mphamvu yonena kuti chinthu chachitikadi m'dziko limene anthu onse akugawana. Lachiwiri ndi la kaundula, loti chinthucho chikachitika chisungidwe pati kuti amene sanalipo achipeze. Gulu likhoza kukhala ndi malamulo okhwima a chilolezo koma n'kumasokonekerabe chifukwa zimene zinavomerezedwa sizinalembedwe pamalo odziwika, ndipo gulu lina likhoza kukhala lomasuka kwambiri koma n'kumayenda bwino chifukwa kaundula wake ndi wodalirika.

Pamene Gary Gygax ndi Dave Arneson ankatulutsa Dungeons & Dragons mu 1974, sewero la patebulo momwe aliyense amayendetsa mtengambali wake m'dziko lopeka, vuto limeneli linali laling'ono, chifukwa osewera onse ankakhala patebulo limodzi ndipo wotsogolera sewero ankamva chilichonse chonenedwa n'kugamula pomwepo. Zinthu zinasintha masewerawa atasamukira pa makompyuta olumikizana. Mu 1978 Roy Trubshaw anayamba kupanga MUD, sewero la mawu olembedwa limene anthu ambiri amasewera limodzi pa makompyuta, pa yunivesite ya Essex ku England, ndipo Richard Bartle anapitiriza ntchitoyo. Mu 1989 James Aspnes anatulutsa TinyMUD, imene inalola osewera wamba kumanga zipinda ndi zinthu zawo m'dziko la sewero. Apa mpamene panayambira mayiko opeka osagona, momwe ena amalemba pamene anzawo ali mtulo kutsidya lina la dziko lapansi, ndipo palibe munthu mmodzi amene angawerenge zonse. Osewera a MUSH, mtundu wa masewera umene unachokera ku TinyMUD, anazolowera kutchula nkhani yokonzedwa kuti TinyPlot, ndipo nkhani yoyendetsedwa ndi wosewera wamba amaitchula kuti PrP. Kupezeka kwa mawu apadera amenewa kukusonyeza kuti funso loti wosewera wamba angayendetse nkhani mpaka pati ndi lakale ndithu.

Maganizo anga ndi akuti kukula kwa chilolezo kuzilingana ndi kuchuluka kwa anthu amene nkhaniyo iwakhudze, komanso kuti kaundula woyenera kumusamalira kwambiri ndi wa zimene zasintha m'dzikolo. Njira zili m'munsizi ndaziyeza ndi muyezo umenewu.

Kusewera popanda kupempha chilolezo

Njira yoyamba ndi yoti aliyense ayambe nkhani imene akufuna, nthawi imene akufuna. Ubwino wake ndi waukulu kuposa mmene oyang'anira magulu amavomerezera. Ganizo la nkhani limakhala ndi moto pa tsiku limene labadwa, ndipo anthu awiri amene agwirizana kuti atengambali awo akumane pamsewu n'kukangana ayenera kuyamba pomwepo. M'gulu la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi odziwana bwino, njira imeneyi ndi yokwanira, chifukwa aliyense amawerenga zonse ndipo wofuna kutentha doko amangofunsa anzake asanalembe.

Gulu likakula, njirayi imayamba kukondera amene ali ndi nthawi yambiri. Wolemba kasanu pa tsiku ndiye amaumba dziko, ndipo wolemba kawiri pa sabata amangopeza zinthu zitasintha. Pamabukanso vuto la kukula kwa zoopsa mopikisana: nkhani ya mwezi uno inali ya akuba, ya mwezi wamawa ikhala ya nkhondo, yotsatirayo ikhala ya kutha kwa dziko, chifukwa aliyense amafuna kuti yake imveke kuposa yapitayo. Pakatha chaka, imfa ya mfumu siidabwitsanso munthu.

Wotsogolera mmodzi wogamula zonse

Iyi ndi njira ya patebulo yosamutsidwira ku gulu lalikulu, ndipo pa nkhani ya kugwirizana kwa zochitika palibe njira ina yoiposa. Munthu mmodzi amadziwa zinsinsi zonse, amadziwa kuti mpeni umene unatayika m'nkhani ya wosula zitsulo ndi womwewo umene mkulu wa alonda akuufunafuna, ndipo akhoza kulumikiza nkhani ziwiri zimene eni ake sanadziwe kuti zikukhudzana. Osewera amene anasewerapo pansi pa wotsogolera waluso wotere saiwala msanga.

Komabe njirayi imatsamira pa thanzi, nthawi ndi mtima wa munthu mmodzi yemwe salipidwa. Akadwala, akalemba mayeso kapena akapeza ntchito yatsopano, nkhani zonse zimaima. Choopsa kwambiri n'chakuti wotsogolera wotere kawirikawiri salemba zimene akudziwa, popeza zonse zili m'mutu mwake, ndiye tsiku limene wachoka gulu limatsala ndi nkhani khumi zosatha ndipo palibe wodziwa kumene zinkalowera. Palinso dandaulo la kukondera, limene limabuka ngakhale wotsogolerayo ali wachilungamo, makamaka ngati nayenso ali ndi mtengambali wake m'sewerolo. Ngati gulu lasankha njira imeneyi, pakhale wachiwiri amene amawerenga zolemba zachinsinsi za wotsogolera, ndipo nkhani iliyonse imene mtengambali wa wotsogolerayo apindule nayo iweruzidwe ndi wachiwiriyo.

Komiti ndi fomu yopempherapo

Magulu ambiri akatopa ndi njira ziwiri zoyambazi amakhazikitsa komiti ya oyang'anira atatu kapena asanu, n'kulamula kuti nkhani iliyonse iyambe yalembedwa pa fomu. Ntchito imagawika, chigamulo sichikhalanso cha munthu mmodzi, ndipo fomu yokhayo imakhala chiyambi cha kaundula. Zonsezi ndi zabwino. Vuto limene ndimaliona kukhala lalikulu kuposa onse m'nkhani yonseyi limabadwira pomwepa, ndipo ndi kuchedwa. Pempho limafika, woyang'anira woyamba amaliwerenga n'kuyembekeza kuti mnzake ayambe kuthirapo ndemanga, mnzakeyo nayenso akuyembekeza wachitatu, ndipo pakatha masabata atatu wopempha uja chidwi chamuthera. Sanakanidwe, choncho sangadandaule. Sanavomerezedwe, choncho sangayambe. Nthawi ina sadzapemphanso, ndipo oyang'anira adzadabwa kuti osewera alibe maganizo atsopano.

Fomu nayo ikhoza kuwononga chinthu chenicheni chimene anthu amabwerera m'sewero lotere. Mafomu ena amafuna kuti wopempha afotokoze chiyambi, pachimake ndi mathero a nkhani yake. Koma nkhani imene mathero ake avomerezedwa kale ndi sewero la papulatifomu lomwe ena onse akungowerengamo mizere yawo, ndipo zosankha za atengambali awo sizisintha kanthu. Fomu yabwino imafunsa za malire a nkhani. Ifunse kuti ndani ayendetse nkhaniyo, ndi atengambali ati ndi malo ati amene akhudzidwe, n'chiyani chimene chingasinthe mpaka kalekale zinthu zikafika poipitsitsa, ndi mphamvu kapena chuma chotani chimene wina angatuluke nacho, nkhaniyo itenga nthawi yaitali bwanji, kodi muli zinthu zolemetsa mtima monga nkhanza kapena imfa ya mwana, ndipo ndani adzaitenge ngati mwini wake wasowa. Mafunso amenewa amayankhika m'ndime ziwiri. Ngati fomu yanu imatenga ola lathunthu kuti munthu aidzaze, dziwani kuti mukusankha osewera opirira pa zolembalemba, amene nthawi zina si omwewo amene ali ndi nkhani zabwino.

Chilolezo cha magawo

Njira imene ndimaikhulupirira kwambiri ndi yogawa nkhani molingana ndi kukula kwa zotsatira zake, ndipo mabungwe akuluakulu a masewerawa anaiyesa kale. Camarilla, bungwe la okonda masewera a kampani ya White Wolf, linkayendetsa dziko limodzi lopeka m'mizinda yambiri, ndipo linagawa zilolezo m'magawo otchedwa Low, Mid, High ndi Top. Chinthu wamba chinkavomerezedwa ndi wotsogolera wa sewero la pamalopo, pamene chinthu chosowa kapena champhamvu kwambiri chinkakwera mpaka kwa wotsogolera wa chigawo kapena wa dziko lonse. Living Greyhawk, sewero la Dungeons & Dragons limene bungwe la osewera lotchedwa RPGA linayendetsa kuyambira 2000 mpaka 2008, linagawira madera enieni a dziko lapansi zigawo za dziko lopeka la Greyhawk. Chigawo chilichonse chinkayang'aniridwa ndi anthu odzipereka otchedwa Triad, ndipo pamwamba pawo panali gulu lotchedwa Circle limene linkaona kuti nkhani za zigawo sizikutsutsana ndi nkhani ya dziko lonse.

Gulu la anthu 30 silifunika makwerero ataliatali chotero, ndipo kuwatengera onse kungakhale kulakwitsa, chifukwa pempho limene liyenera kudutsa pa anthu anayi limachedwa kanayi. Choyenera kutengera ndi mfundo yake. Funso limodzi limakwanira posankha gawo la nkhani iliyonse: nkhaniyi ikatha, ndani amene adzafunike kusintha zimene amalemba? Ngati yankho ndi lakuti okhawo amene akutenga nawo mbali, monga pamene atengambali awiri akondana, adana kapena asochera m'nkhalango, pasafunike chilolezo chilichonse. Ngati yankho likukhudza anthu ena odziwika, monga mwini nyumba ya alendo kapena osewera onse amene atengambali awo ndi alonda, chilolezo chichokere kwa anthu amenewo, ndipo woyang'anira mmodzi angodziwitsidwa kuti aone ngati nkhaniyo sikuombana ndi ina. Ngati yankho ndi lakuti aliyense, monga pa kupsa kwa doko, imfa ya wolamulira, mliri, nkhondo kapena kutulukira kwa mtundu watsopano wa matsenga, nkhaniyo ipite ku komiti yonse.

Njirayi imagwira ntchito pokhapokha pali malire a nthawi olembedwa poyera. Pa gawo lapakati, ndingalangize kuti oyang'anira akakhala chete kwa masiku 7, pempholo litengedwe kuti lavomerezedwa. Ena amaopa lamulo limeneli poganiza kuti nkhani yoipa idzadutsa oyang'anira ali otanganidwa, ndipo zikhoza kuchitikadi. Koma nkhani yapakati imene yadutsa molakwika imakonzeka, pamene osewera amene agwa ulesi chifukwa chodikira sabwerera. Pa gawo lalikulu kukhala chete kusakhale chilolezo, koma komiti ikakamizidwe kuyankha m'masiku 14, ngakhale yankholo litakhala lakuti nkhaniyo idikire kaye kuti ina ithe. Pokana, oyang'anira atchule chinthu chenicheni chimene chavuta ndi chimene chingasinthidwe. Kwa mtsogoleri wa achifwamba uja, yankho labwino ndi lakuti akhoza kutentha nyumba zosungiramo katundu ndi zombo za mfumu, koma nyumba ya alendo aisiye pokhapokha mwini wake atavomera. Nkhani yake yatsala ndi mphamvu zake zonse, ndipo ntchito ya miyezi 8 ya mnzake sinawonongeke.

Chofooka cha njirayi chili pa malire a magawo. Osewera ena amachepetsa dala nkhani yawo poifotokoza kuti izembe komiti, ndipo nkhani zina zimakula zokha zili mkati: kusaka mbala imodzi kumavumbula chiwembu chofuna kupha mfumu popanda amene anakonza zimenezo. Choncho pakhale lamulo lakuti nkhani ikapitirira malire amene inavomerezedwera, woyendetsa aime kaye n'kudziwitsa oyang'anira asanalembe chinthu chosabwezeka. Ndithudi kuima pakati pa nkhani yotentha n'kopweteka, koma kumatenga masiku ochepa poyerekeza ndi mkangano umene umabwera chinthu chikalembedwa kale.

Kuponya voti

Pali anthu amene amaona kuti mphamvu ya oyang'anira ndiyo gwero la mavuto, ndipo amafuna kuti gulu lonse lizigamula. Zimene zinachitika ku LambdaMOO, dziko lopeka la pa makompyuta limene Pavel Curtis anakhazikitsa ku malo ofufuzira a Xerox PARC mu 1990, n'zophunzitsa ngakhale kuti kumeneko mavoti ankakhudza malamulo a chikhalidwe cha gulu kuposa nkhani za sewero. Kumapeto kwa 1992 oyang'anira ake analengeza kuti asiya kugamula nkhani za kakhalidwe ka anthu, mu 1993 panakhazikitsidwa dongosolo la mapempho osainidwa ndi mavoti, ndipo mu 1996 oyang'anirawo analengeza kuti atenganso mphamvu yogamula pamene pakufunika kutero.

Pa nkhani za sewero, voti ili ndi vuto lake lapadera: kuti anthu avote ayenera kudziwa chimene akuvotera, ndiye chinsinsi cha nkhaniyo chatha isanayambe. Komanso ambiri akhoza kuvomereza chinthu chimene chiwononge mtengambali wa munthu mmodzi wosatchuka. Voti ndi yoyenera pa zosankha zazikulu zochitika kamodzikamodzi, monga kulumphitsa nthawi ya dzikolo zaka khumi kapena kutsegula dera latsopano pa mapu.

Chilolezo cha eni atengambali

Iyi siima payokha, koma njira ina iliyonse imafunika kukhala nayo pansi pake. Magulu ambiri a MUSH anagawikana pakati pa mfundo ziwiri. Ina imati palibe choipa chachikulu chingachitikire mtengambali wako popanda iwe kuvomera. Inayo, imene amaifupikitsa kuti ICA=ICC, imati zimene mtengambali wachita m'sewero zimabweretsa zotsatira zake m'sewero momwemo, ndiye amene watukwana mfumu pamaso pa asilikali sangakane kumangidwa. Mfundo yoyamba imateteza anthu, koma ikatengedwa mopitirira imabala atengambali osagonjetseka amene amayamba ndewu n'kukana kuvulala. Yachiwiri imapatsa nkhani kulemera, koma m'manja mwa anthu opanda chifundo imasanduka chida chozunzira anzawo. Pakati pake ndi pomwe magulu okhazikika amafikira: imfa, kulumala kosatha ndi kulandidwa chinthu chachikulu zimafuna chilolezo cha mwini mtengambali, koma munthu amene wachenjezedwa momveka bwino kuti chimene akufuna kuchitacho chikhoza kumuphetsa, n'kupitirizabe, wavomera kale.

Zida zina zimathandiza kuti zokambiranazi zichitike nkhani isanayambe. Ron Edwards anafotokoza mu 2003 njira imene osewera amaitchula kuti lines and veils, yosiyanitsa zinthu zimene sizidzalowa n'komwe m'nkhani ndi zimene zikhoza kuchitika koma osafotokozedwa mwatsatanetsatane. John Stavropoulos anapanga X-Card, chizindikiro chimene wosewera aliyense angagwiritse ntchito kuti chinthu chimene chamusowetsa mtendere chichotsedwe popanda kufunsidwa chifukwa. Ndipo m'sewero la Microscope, limene Ben Robbins anatulutsa mu 2011, osewera amayamba ndi kulemba mndandanda wa zinthu zololedwa ndi zoletsedwa m'mbiri imene akufuna kumanga. Gulu limene lili ndi mndandanda wotere limachepetsa ntchito ya komiti, chifukwa mapempho ambiri okanidwa amakhala oti wopemphayo sanadziwe kuti m'dzikolo mulibe mfuti kapena kuti akufa sauka.

Zosungidwa: zonse, chidule, kapena zosintha zokha

Tsopano tifike pa kaundula, pomwe magulu ambiri amalimbikira kwambiri koma n'kupindula pang'ono. Njira yofala ndi yosunga zolembedwa zonse monga mmene zinalembedwera. Zimenezi n'zofunika ngati umboni pakabuka mkangano woti ndani ananena chiyani, ndipo sizifuna ntchito yambiri. Koma munthu watsopano sangawerenge masamba mazanamazana kuti adziwe ngati doko lilipo, ndipo ngakhale wakale sangakumbukire kuti lonjezo lina linaperekedwa m'chochitika chiti. Mauthenga a pa Discord, pulogalamu yochezerapo pa intaneti, amakwiririka mofulumira kwambiri, moti chigamulo chimene chaperekedwa m'macheza wamba chimakhala ngati sichinaperekedwe pakatha mwezi.

Chidule cha nkhani chimawerengeka, koma wina ayenera kuchilemba, ndipo wolembayo amachilemba mmene mtengambali wake anazionera. Wiki, mtundu wa masamba a pa intaneti olembedwa ndi anthu ambiri umene Ward Cunningham anayambitsa mu 1995, imathetsa mbali ya vutoli chifukwa aliyense akhoza kukonza tsamba ndipo mbiri ya zosintha imasungika, kotero kuti n'zotheka kuona amene anasintha chiganizo ndi tsiku limene anachisintha. Komabe wiki imakalamba mosaonekera. Tsamba la mzinda likhoza kumanenabe kuti doko ndi lotukuka patatha chaka chipsereni, ndipo tsamba lolakwika ndi loopsa kuposa tsamba losowa, popeza wowerenga amalikhulupirira n'kumangirapo nkhani yake.

Living Greyhawk inali ndi njira ziwiri zoyenera kuziganizira. Wosewera aliyense ankalandira pepala lotchedwa Adventure Record pamapeto pa ulendo uliwonse, losainidwa ndi wotsogolera, losonyeza zimene mtengambali wake wapeza ndi zimene wataya, kotero kuti akapita kukasewera kwa wotsogolera wina umboni unali m'manja. Maulendo ambiri analinso ndi mafunso ochepa kumapeto okhudza zochitika zikuluzikulu, monga ngati munthu wina wapulumuka kapena wafa, ndipo mayankho ochokera kwa otsogolera ankathandiza okonza nkhani kudziwa kumene nkhaniyo ilowere. Chimene chinkasungidwa m'njira zonse ziwirizi chinali zotsatira, ndipo n'chifukwa chake anthu amene sanaonanepo ankatha kusewera m'dziko limodzi.

Mfundo imeneyi ndiyo ndingalangize gulu lililonse. Pakhale tsamba limodzi lokha, lolembedwa motsata nthawi ya m'dziko lopekalo, pomwe nkhani iliyonse yapakati kapena yaikulu imasiyapo mizere yosapitirira isanu: inachitika liti, ndani analipo, chasintha n'chiyani, chatsala chosamalizidwa n'chiyani, ndipo zolembedwa zonse zikupezeka pati. Woyendetsa nkhani ndiye alembe, wina mwa otenga nawo mbali atsimikize, ndipo lamulo likhale lakuti chinthu chimene sichinafike patsamba limenelo sichikakamiza munthu amene sanalipo. Lamulo limeneli limalimbikitsa anthu kulemba popanda kuwakalipira, chifukwa amene akufuna kuti chipambano chake chidziwike m'dziko lonse adzachilemba yekha. Masiku awiri alembedwe, la m'sewero ndi la pakalendala yeniyeni, popeza nkhani ya usiku umodzi ikhoza kutenga masabata asanu kuti ilembedwe, ndipo panthawiyo mtengambali yemweyo amakhala akuoneka m'nkhani zina.

Si zonse zolembedwa zimene ziyenera kukhala ndi kulemera kofanana. Kampani ya Lucasfilm, imene imapanga mafilimu a Star Wars, inakhala ndi nkhokwe yotchedwa Holocron, yosamalidwa ndi Leland Chee, momwe nkhani za Star Wars zinkaikidwa m'magawo osonyeza kuti iti ipambane zikatsutsana, ndipo mu April 2014 kampaniyo inaika pambali mabuku ambiri akale pansi pa dzina lakuti Legends. Gulu laling'ono likhoza kungosiyanitsa mitundu itatu: zimene zinachitikadi, mphekesera zimene atengambali amakhulupirira koma zikhoza kukhala zabodza, ndi nkhani zongoyeserera zimene sizikhudza dziko. Gawo la mphekesera ndi lothandiza kwambiri, chifukwa limapereka malo kwa zolembedwa zimene sizinavomerezedwe popanda kuzifufuta. Zimene analemba mtsogoleri wa achifwamba zikhoza kukhala nkhani imene amalinyero amasimba m'madoko ena mokokomeza, pamene chimene chinapsadi ndi nyumba ziwiri zosungiramo katundu.

Zinsinsi ndi nkhani zosiyidwa panjira

Nkhani zambiri zabwino zimadalira chinsinsi, ndipo kaundula wa poyera amachiulula. Wosewera amene wawerenga kuti mkulu wa alonda ndi kazitape amavutika kuti mtengambali wake apitirize kumukhulupirira, ngakhale atayesetsa. Choncho pakhale makaundula awiri, wa poyera wokhala ndi zimene munthu wamba wa m'dzikolo angadziwe, ndi wa oyang'anira wokhala ndi zoona zake. Chinsinsi chilichonse chachikulu chilembedwe m'kaundula wachiwiriyo pa tsiku limene chakonzedwa. Zimenezi zimateteza mwini chinsinsi, chifukwa tsiku loulula likafika palibe amene anganene kuti wangochipeka dzulo pofuna kupambana mkangano. Oyang'anira amene atengambali awo ali m'nkhaniyo asawerenge gawo limenelo.

Nkhani zosiyidwa ndi zambiri kuposa zomalizidwa m'gulu lililonse la anthu ongodzipereka, ndipo zimenezi zisatengedwe ngati mlandu, popeza moyo weniweni umayamba ndiwo. Vuto ndi atengambali a ena amene atsala omangika: wina ali m'ndende, wina wagwidwa ndi achifwamba, ndipo woyendetsa nkhani sanaoneke kwa mwezi. N'chifukwa chake fomu imafunsa za wolowa m'malo. Ngati palibe, otenga nawo mbali aloledwe kugwirizana mathero achidule, kuwalemba m'kaundula n'kumasula atengambali awo, koma mtengambali wa wosowayo asaphedwe kapena kuchititsidwa manyazi iye kulibe. Kufufuta zimene zinachitika kale kukhale njira yomaliza, chifukwa chochitika chimodzi chimakhala chitabala zina zisanu m'nkhani za anthu ena, ndipo chikafufutidwa chilembedwebe m'kaundula kuti chinachotsedwa, pamodzi ndi tsiku ndi chifukwa chake.

Posankha, yambani ndi kuwerenga anthu amene amalembadi sabata iliyonse, osati amene mayina awo ali pa mndandanda. Ngati ndi ochepa moti aliyense amawerenga zonse, musakhazikitse komiti. Lembani mndandanda wa zololedwa ndi zoletsedwa, lamulo la chilolezo cha eni atengambali, ndi tsamba limodzi la zosintha. Ngati afika poti zinthu zimachitika ena osadziwa, onjezani magawo atatu aja pamodzi ndi malire a masiku. Ngati gulu lili ndi madera kapena magulu aang'ono angapo, dera lililonse likhale ndi woyang'anira wake wovomereza nkhani zapakati, ndipo komiti itsale ndi zokhudza onse. Pakatha miyezi itatu, tsegulani mapempho onse amene anabwera n'kuwerenga masiku amene lililonse linadikira yankho, ndiponso yang'anani kuti ndi angati mwa amene anakanidwa kapena kuchedwetsedwa anabweranso ndi pempho lina. Ngati ambiri sanabwerenso, tsitsani nkhani zina kuchoka ku gawo lalikulu kupita ku lapakati, ndipo fupikitsani fomuyo.